Kamaiki Pansi pa Chibwano

Henderson Silungwe ankaimba vayolini mu bandi ya Chimphepo ya ku Lufita ku Chitipa, koma panalibe munthu amene anaimvapo. Anthu ankangoona dzanja likupita likubwera ngati akucheka thabwa, n'kumayesa kuti ndi kavinidwe kake. Kumbuyo kwake kunali ng'oma za mlamu wake Davison, kumanzere gitala ya besi, kumanja kiyibodi ya Aida mwini bandi, kutsogolo masipika awiri otalika ngati zitseko za tchalitchi. Pakati pa zonsezo vayolini inali udzudzu m'chigayo.

Tsiku lina atamaliza kuyeserera, Aida anamuuza mosabisa.

"Adada Silungwe, Loweruka tili ndi ukwati ku Boma. Vayolini yanu ikapanda kumveka, malo anu pa galimoto tiikapo sipika yachitatu. Sipika siidya, komanso imamveka."

Henderson sanali munthu wa zoyankhayankha. Anapukuta nsambo zake, n'kumapita.

Mawa lake anaimirira kukamwa kwenikweni kwa maiki ya pachitsulo. Maikiyo inatola ng'oma za Davison, inatola jenereta, inatola ndi tambala wa kuseri kwa nyumba, vayolini ayi. Aida atakweza mawu pa mikisa, makina osakanizira mawu, masipika anakuwa kuti tswiii! Agalu a mu Lufita anayamba kuuwa, ndipo mayi wina amene ankadutsa ndi nthochi pamutu anataya beseni.

"Mlamu," anatero Davison, "ingolowani m'sipikamo muziimbira m'kati. Tikusiyirani kabowo kopumira."

Henderson anapalasa njinga kupita kwa Matthew, wokonza mafoni pamsika wa Boma. Matthew anavundula m'katoni ya zingwe n'kutulutsa kamaiki kochepa ngati nyemba, kochokera ku Tanzania.

"Aka n'ka abusa, kopanika pa kolala. Sikamva zakutali. Kamatola chimene chili pafupi basi."

Anakapanika pafupi ndi nsambo, uta unkakagunda. Anakalowetsa m'bowo la vayolini, kanamveka ngati munthu wagwera m'chitsime. Pomaliza anakamangirira ndi mphira ya chubu cha njinga pamene pamakhala chibwano. Henderson anakoka uta, wailesi ya Matthew inatulutsa mawu oyera, osalala, mpaka wogulitsa mapira pafupi apo anatembenuka.

"Safi kabisa!" anatero Matthew m'Chiswahili, kutanthauza kuti zili bwino zedi.

Vuto linali lakuti kwa Matthew kunalibe Davison.

Munthu wosalankhula uja anali ndi kachizolowezi kake. Akangoika chibwano pa vayolini, bandi n'kuyamba, pakamwa pankatseguka pokha. Ankang'ung'udza m'Chitumbuka, motsatira nyimbo, ndipo nkhani inali imodzi nthawi zonse: kamenyedwe ka mlamu wake. Phokoso linkamubisa bwino kwambiri moti iye mwini anali ataiwala kuti amatero.

Loweruka masana holo inadzaza. Mkwati anali Kelvin, namwino wochokera ku Thyolo, ndipo mkwatibwi anali Monalisa wa ku Kaseye. Abale a mkwati anabwera basi yathunthu, fumbi lili m'nsidze, Chitumbuka chawo chikuthera pa "yewo".

Aida anakweza dzanja. Henderson anakoka uta, ndipo kwa nthawi yoyamba vayolini yake inatuluka m'masipika, yonenepa, yonyada, kufika mpaka kubenchi lakumbuyo. Mtima wake unachita myaa. Anatsinzina.

Kenako Davison analowa, mofulumira monga mwa chikhalidwe chake, ngati akuthamangitsa nyani m'munda. Ndipo masipika aja, pamwamba pa vayolini, analankhula ndi mawu a besi:

"Davison wakupula vingoma... Davison wakupula vingoma..."

Ku Chitipa ndi mwana yemwe amadziwa kuti vingoma ndi chimanga ndipo kupula ndi kusinja. Mbali ya akuchikazi inagwira pakamwa. Bambo wa mkwatibwi anawerama ngati akumanga nsapato, mapewa akugwedezeka.

Koma a ku Thyolo anamva zawo. Mayi Margret, azakhali a mkwati, anadzuka chitenje chili m'manja.

"Mwamva inu? Ving'oma! Akutamanda womenya ng'omayo! Ati ving'oma zikuluzikulu! Koma anthu akuno ulemu!"

Anaimba nthungululu, n'kulandira nyimbo. Basi yonse inadzuka. Henderson akati "Davison," iwo "wakupula vingoma!" Anavina mozungulira ng'oma zija, wina n'kumukoleka Davison mpango m'khosi, wina n'kumupukuta thukuta. Akuchikazi ataona kuti zafika apa analowanso m'bwalo, akuimba misozi ili mbwee chifukwa cha kuseka.

Henderson anadzidzimuka atamva holo yonse ikuyankha zimene zinali m'mutu mwake. Anatsegula maso, anatseka pakamwa, koma nyimboyo inali itapita kale payokha. Atacheuka anapeza Davison akumuyang'ana, mpango uli m'khosi.

Nyimbo itatha, Davison anasendera pafupi.

"Mlamu, zimenezi mwayamba lero?"

"Ayi."

"Liti?"

"Chikwatireni mlongo wanga."

"Ine ndimasinja?"

"Mphale," anatero Henderson, ndipo masipika anabwereza mawuwo kwa onse.

Davison anakhala pansi, nkhope ili ndwii. Nyimbo yachiwiri anaimenya mosamala, modekha, molemekeza aliyense. Sanathamange, sanatsalire. Chiyambireni bandi ya Chimphepo ng'oma zinali zisanamvekepo bwino chotero. Henderson anasowa chong'ung'udza. Vayolini inaimba yokha, mokoma, ngati mphepo ya m'mapiri a Misuku.

Anthu anakhala pansi mmodzimmodzi. Ena anayamba kufunsa za chakudya.

Mayi Margret anafika pa kiyibodi akudzikupiza ndi mbale ya pepala.

"Achemwali, ya ving'oma ija bwanji? Ife tachokera kutalitu. Izi n'za pamaliro."

Kumbuyo kwawo a ku Thyolo anali atayamba kuomba m'manja. "Da-vi-son! Da-vi-son!"

Aida anathamangira kwa Henderson.

"Adada, mwamveka. Malo anu ndi anu, palibe akuchotseni. Koma chonde, imbani ija."

"Sindingathe."

"Chifukwa?"

"Akumenya bwino."

"Ingonenani basi! Ndi mawu atatu okha!"

"Sindinama."

Aida anagwira m'chiuno, anayang'ana kudenga, kenako anatembenukira kwa Davison.

"Davison, m'bale wanga, ndakupempha. Wononga pang'ono."

Davison anafuna kukana. Koma holo yonse inali ikuitana dzina lake, chinthu chimene sichinachitikepo ngakhale pa ukwati wake womwe. Anakonza mpango uja m'khosi. Anayang'ana timitengo take ngati akutiona koyamba.

"Ndiye ndimenye bwanji, mlamu?"

Henderson anaika chibwano pa vayolini.

"Monga mwa masiku onse."

Aida asanakweze n'dzanja lomwe, Davison anali atalowa kale.