Njinga Yopanda Wokwera

A Sadik atadutsa wapansi pamtengo pamene akabaza amadikirira anthu, macheza onse anatha. Mwini sitolo ya nsalu ameneyu anali asanaonekepo akuyenda pansi pa boma la Mangochi. Kusitolo, kumaliro, ngakhale kumzikiti kumene kunali kuseri kwa nyumba yawo, ankapita pa njinga ya Nasir, wakabaza wawo wa tsiku ndi tsiku.

"Bwana, kodi ndakulakwirani?" anafunsa Nasir. A Sadik anangokweza dzanja, napitirira.

Dzulo lake kuchipatala anali atawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri ndiponso thupi lalemera. Akapanda kumayenda tsiku lililonse, adzagwa ndi kufa ziwalo monga anachitira mkulu wawo.

Koma kuyenda pansi sinali nkhani yaing'ono kwa iwo. Anakulira ku Nkope, bambo awo atamwalira kale. Ali mwana ankasenza dengu la usipa kukagulitsa kumidzi ya kumtunda, opanda nsapato, mchenga ukuwotcha, zikang'a zikutuluka magazi. M'dera lawo woyenda pansi anali wosowa. Munthu weniweni anali wokhala pa njinga. Tsiku limene anatsegula sitolo, anadziuza kuti zoyenda zatha.

Pofika masana nkhani inali itazungulira msika. Mayi wina wogula nsalu anafunsa motsitsa mawu ngati sitoloyo ikutsekedwa. Kenako anabwera a Ayub, mnzawo wamalonda, nawatengera pambali. Anati chuma chimakwera ndi kutsika, palibe chochititsa manyazi, ndipo iwo angathe kumalipira kabazayo mpaka zinthu zitakhalanso bwino. A Sadik anathokoza mwaulemu monga ayenera kuchitira munthu woleredwa. Pobwerera kunyumba anakwera njinga.

Akazi awo, a Shamima, anawaona akutsika pachipata. Anadikira kuti amuna awo akhale pansi ndi kumwa madzi, ndipo pamenepo anafunsa ngati adokotala asintha mawu.

"Ulendo wanga wonse ndinauyenda ndili mwana," anatero a Sadik. "Mapazi awa anamaliza ntchito yawo. Lero munthu wafuna kundilipirira kabaza ngati mwana wamasiye."

"Amene akulankhulawo sadzabwera kudzakutembenuzani pamphasa," anayankha a Shamima. "Alamu anga ndinathandiza kuwasambitsa. Inu sindingakunyamuleni."



M'mawa mwake Nasir anafika pachipata monga mwa nthawi zonse, napukuta mpando. A Sadik anaikapo chikwama chawo, nachimanga bwino. Anauza Nasir kuti aziwatsatira pambuyo akukankha njingayo, ndipo malipiro ake sasintha. Nasir anayang'ana chikwamacho, anayang'ananso bwana wake, kenako anayamba kukankha njingayo.

Atafika pamtengo paja, mmodzi wa akabaza anafuula kuti, "Nasir, pasinjala wako lero ndi wopepuka. Umugwire angauluke!" Onse anaseka. A Sadik anayenda mowongoka, thukuta likunyowetsa mkanjo, ndipo anapereka moni kwa aliyense woyenera moni.

Masana nkhani ya pamsika inali ina: a Sadik alemera mpaka chikwama chawo chili ndi kabaza wakewake. A Ayub anabwera kudzapepesa.

A Sadik sanatsutse aliyense. Atatseka sitolo anamangiranso chikwama panjinga, nauza Nasir kuti adzere njira ya ku mlatho, imene inali yaitali.