Zikwangwani za Msewu Wakumunsi

Achimwene ake anali atanjuta pakhonde, akugwedeza zitini za penti chimodzichimodzi pafupi ndi khutu ngati munthu wosankha mavwende.

"Ichi chatha. Ichinso chatha." Anatsegula china ndi supuni, nasuzumira. "Munthu wamkulu ndithu, kumaliza penti yense pa ntchito zaulere. Kenako n'kukadwalira pa makwerero a ntchito yaulere yomweyo."

Mlongo wawoyo anaima pakhomo atagwira buku, chala chili pakati pa masamba. Bambo awo anaikidwa m'manda Lolemba. Tsopano linali Lachitatu: opepesa anali atabalalika, mipando yobwereka itabwerera kwa eni ake, ndipo nyumba yomwe masiku onse inkawachepera inali itakula mwadzidzidzi.

Bambowo anali olemba zikwangwani. Dera lonse linkawatcha a Burashi, ndipo iwo bambowo ankamutcha mwana wawoyu a Kalaliki, kuyambira tsiku limene analembetsa mayeso olowera ntchito ya ukalaliki m'boma. Dzinalo linamumatirira ngakhale ukalaliki unali usanabwere. Masana ankagwira ntchito pa shopu ya fotokope, kuchulukitsa masatifiketi a anzake. Mayeso aja anali atawalephera kawiri, ndipo maulendo onse awiri chinamugwetsa ndi pepala la mawu a Chingerezi. Loweruka likudzalo unali mwayi wake womaliza, chifukwa chaka chamawa akanakhala atapyola msinkhu umene amalola.

"Lole ibwera Lachisanu m'mawa," anatero achimwene osatembenuka. "Amayi akakhala kwathu. Iwenso longedza. Alamu ako amachoka m'bandakucha, amayi ndi miyendo yawo ija sangatsale okha m'nyumba."

"Achimwene, mayeso ndi Loweruka."

"Mayeso ake omwe aja?"

"Omwe aja."

"Chemwali, tisanamizane. Wawerenga liti? Sabata yonse yathera kuchipatala ndi kumanda. Kawiri konse unalowa utakonzeka, unatuluka ukulira. Lero ndiye uti ukhoze ndi mutu wa maliro?" Anaika chitini pansi mofatsa. "Lole ndachita kupempha. Kuntchito andipatsa masiku ochepa. Sindingadzabwererenso kuno kudzatenga munthu mmodzi."

Achimwenewo sanali munthu woipa. Maliro onse anawasenza okha, ndipo maso awo anali ofiira osati ndi misozi yokha ayi. Zimene ananenazo zinalinso zoona, n'chifukwa chake zinapweteka.

Kalaliki analowa m'nyumba n'kukhala patebulo, pamalo pake pa masiku onse. Mpando wa patsidya unali wokankhidwira mkati bwinobwino, mmene mwini wake sankausiyira. M'mawa uliwonse, tiyi asanazizire, bambo ankakhala pamenepo atavala magalasi omangidwa ndi ulusi, n'kumamufunsa mawu a m'bukulo. Ambiri mwa mawuwo iwonso sankawadziwa. Ankawatchula mowatafuna, kenako n'kusuzumira yankho kumapeto kwa buku, atabisa ndi dzanja ngati mwana wobera mkalasi. Kalaliki akalephera, iwo ankadinda chala chachikulu pambali pa liwulo, ndipo popeza zala zawo sizinkayera penti, bukulo linadzaza zidindo zobiriwira, zofiira, zachikasu. Panali liwu lina limene linasonkhanitsa mitundu yonse. Nthawi zonse iye ankayankha kuti limatanthauza chinthu chotopetsa.

"Ayi, a Kalaliki," ankatero bambo. "Otopetsa ndinu."

Tsiku lina, atakwiya, anakankha kapu n'kunena kuti, "Mawu a m'buku amandithawa, bambo. Koma zikwangwani zanu zija ndikhoza kuzilakatula ndili m'tulo." Iye ankangodandaula. Bambo sanaseke. Anamuyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi, kenako anati, "Sabata yomaliza buku tidzalitseka. Tizidzangoyenda." Iye anaganiza kuti akunena zopumitsa mutu.

Tsopano sabata yomaliza ija inali itafika. Anatsegula buku, nabisa mayankho ndi dzanja lake lomwe, nadzifunsa yekha. Mawu ake anamveka achilendo m'chipindamo. Atafika pa chidindo choyamba anaika chala chake pamwamba pake. Chinamira m'katimo, n'kutsala malo mbali zonse. Anatseka buku.

Kuchipinda, amayi anali atakhala pabedi akupinda ovololo ya malemu, kuifunyulula, n'kuipindanso. Chibwerere kumanda anali asanalankhule zoposa "eya" ndi "zikomo".

M'mawa mwa Lachinayi achimwene anamutuma. "Makwerero anatsala kwa wowotcherera zitsulo uja, kumene bambo anadwalira. Kawatenge. Pali munthu akufuna kugula zida zonse."

Unali msewu wakumunsi, umene iye sankadutsamo, chifukwa ntchito yake inali kumtunda. Msewuwo unkatsetsereka pakati pa timashopu mpaka kukathera pa geti la sekondale kumene mayeso ankalembedwera. Ankayenda atazolika, kuopa maso a anthu achifundo, mpaka wina anamuitana.

"A Kalaliki! Mungodutsa ngati simunametedwepo pano muli kamwana?"

Anali ometa tsitsi, mkulu wa dazi lonyezimira, lumo lili m'manja. Anamugwira dzanja ndi manja onse awiri, napepesa, nadandaula kuti a Burashi apita ndi nthabwala zawo. Kenako analoza m'mwamba ndi chipeso.

"Koma andisiyira mlandu. Taonani. Zaka zonsezi ndinali wometa chabe. Lero makasitomala akundifunsa ngati ndayamba kugulitsa mankhwala a chifuwa."

Iye anakweza maso. Pamwamba pa chitseko, m'zilembo zofiira zonenepa, za michira yopindika imene akanaizindikira paliponse, panalembedwa kuti METICULOUS. Liwu limeneli m'buku muja linali ndi zidindo.

"Anabwera okha," anapitiriza ometa aja. "Akuti, ndikulemberani mwaulere, penti wanga, koma dzina ndisankha ine. Ndinati, a Burashi, lilime langa lithyoka. Akuti, silili la lilime lanu. Ndiye pomwe ankasaina dzina lawo paja anaikapo aka."

Pambali pa chitseko, pakhoma, panali timalemba tating'ono toyera: wosamala ngakhale pa tinthu tating'ono.

"Ndinawafunsa kuti nanga dzina lanu lili kuti? Akuti, dzina langa aliyense akulidziwa. Pitani kumunsiku mukaone, tonse anatibatiza."

Anayenda pang'onopang'ono, tsopano mutu uli m'mwamba. Womata matayala anali atasanduka RESILIENT, ndipo pakhoma pake timalemba tija tinkati: wobwerera m'chimake akapanikizidwa. Golosale ya mayi wina wodziwika ndi kuuma manja inali FRUGAL, ndipo Kalaliki anadzimva akuseka, kuseka kwake koyamba sabata imeneyo, kumene kunathera m'misozi. Wojambula zithunzi, wosoka nsapato, wogulitsa mbewu, aliyense anali ndi liwu lake lomuyenera ngati chipewa chosokedwa pamutu pake. Panalibe liwu ngakhale limodzi limene iye ankalikhoza. Onse anali aja a zidindo, atandandalikidwa kuchokera kufupi ndi kwawo mpaka kukafika kusukulu.

Shopu ya wowotcherera inali yomaliza, moyang'anizana ndi geti. Mwini wake anazimitsa moto, nakweza chigoba chakumaso, natulutsa makwerero kuseri kwa zitseko zachitsulo.

"Anamaliza zilembo zazikuluzo," anatero. "Potsika ndi pamene anati mutu ukuzungulira. Ndinawakhazika apa, ndinawapatsa madzi. Ankangoti, katsala kakang'ono, katsala kakang'ono."

Pamwamba panalembedwa TENACIOUS. Linali liwu lija la mitundu yonse. Iye sanafune kuyang'ananso. Anasenza makwerero paphewa n'kukwera mtunda.

Atafika sanawasiye pamulu wa zogulitsa. Anawatsamiritsa pakhoma pamene ankakhala, nalowa kuchipinda.

"Amayi, mumadziwa?"

Amayi anasalaza kolala ya ovololo ija ndi chikhatho. "Nanga makwerero ankawagwira ndani? Tsiku lomaliza lokha ndi limene sindinapite. Miyendo inatupa." Anaipindanso ovololoyo. "Anati ndisakuuze. Ankafuna adzaone nkhope yako."

Achimwene anali ataima pakhomo la chipindacho ndi katoni m'manja. "Kumuuza chiyani?"

"Ine Lachisanu sindikwera lole," anatero amayi.

"Amayi, musayambe. Ndakonza kale zonse."

"Wakonza bwino, mwana wanga, ndipo bambo ako akanakuyamika. Ndipita kwanu, sindikukana. Koma Loweruka ndili ndi ulendo wa pansi."

"Ndi miyendo imeneyo? Ulendo wopita kuti?"

"Tsika msewu wakumunsi ukaone kumene kunapita penti ukumulirayo. Iwe Chingerezi umachidziwa, sufunika wokuwerengera."

Achimwene anayang'ana mlongo wawo ngati kuti ndiye wawapangira upo. Anaika katoni pansi mwamphamvu n'kutuluka. Anakhalitsa. Atabwerera sanalowe m'nyumba. Kalaliki anawamva kuseri akulankhula pafoni ndi mawu aja ochepa amene munthu amalankhulira kwa omulemba ntchito: "Inde bwana. Ndikudziwa bwana. Lamlungu, bwana, ndapota nanu." Kenako anaimbira mwini lole, ndipo kumeneko kunali kukangana. Pambuyo pake kunamveka kulira kwa zitini. Atasuzumira pawindo, anawaona akuzibwezera pashelefu, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, mmene bambo ankaziikira.

"Ukalephera usadzati ndine," anatero achimwene madzulo akudya, maso ali m'mbale. Patapita kanthawi anawonjeza kuti, "Mayi wa golosale uja akudziwa zimene anamulembera?"

Lachisanu Kalaliki anatsika msewu uja yekha, n'kukwera, n'kutsikanso. Buku sanalitsegule.

Loweruka kunacha kozizira. Amayi anatuluka atavala juzi ya malemu, atagwira rula yawo yaitali yathabwa ngati ndodo. Achimwene anati aitane njinga, amayi anakana. Anayenda awiriwo, pang'onopang'ono, mashopu akungotsegulidwa kumene. Pa shopu iliyonse amayi ankaima, kupuma, n'kuloza zilembo zazikulu ndi rula ija. Kenako ankapita kukaphimba timalemba tating'ono ndi chikhatho.

"Ili?"

Iye ankayankha. Amayi ankachotsa dzanja, n'kuwerenga timalembato ndi milomo, chifukwa chinenero chawo ankachiwerenga ndithu, ngakhale mochedwa.

"Wakhoza. Tiye."

Kwa wojambula zithunzi analephera. Amayi anamuyang'ana, nanyowetsa chala chachikulu ndi malovu, namudinda pamphumi. Ometa tsitsi, amene ankaonerera ali pakhomo pawo, anatembenukira kugalasi n'kuyamba kulipukuta ngakhale linali loyera.

Pa geti la sukulu panali patadzaza kale anthu, ambiri aang'ono kwa iye, atakumbatira mabuku, milomo ikuyenda. Amayi anaima kutsogolo kwa shopu ya wowotcherera, nakweza rula.

"Ili?"

Kalaliki anatsegula pakamwa, ndipo yankho lakale lija, lolakwika, linafika kale pa lilime. Analimeza.

"Wogwira osataya," anatero.

Amayi anafunafuna pakhoma poti aphimbe, koma panalibe. "Apa ndiye sindingakuuze ngati wakhoza. Sanalembepo."

Iye anasendera pafupi. Pakhomapo sipanali popanda kanthu. Panali mizere iwiri ya pensulo, yowongoka bwino, yopyapyala, yodikira zilembo. Anatulutsa pensulo yake ya mayeso nayamba kulemba pakati pa mizereyo. Ali mkati molemba ndi pamene anazindikira kuti sanawerame, sanaimenso pa zala za kumapazi. Anatembenuka n'kuyang'ana msewu wonse kumtunda, khoma ndi khoma, pamene panali timalemba toyera tija. Bambo anali munthu wamtali, wogunda mutu pa mafelemu a zitseko. Koma tonse anatilemba m'munsi, pa mzere umodzi, pamene pankafika maso a mwana wawo wamfupi.

Belu linalira. Amayi anamulanda pensulo, nayang'ana nsonga yake, naipala pang'ono pakhoma kuti isongoke, namubwezera.