Nyundo ya Lorenso

Lonjezolo linaperekedwa pa siteji ya basi pa Ngabu, chaka chimene Sebastiano ankanyamuka kupita ku Joni, zipani zambiri zitangoyamba kumene, aliyense akuganiza kuti mawa lomwelo adzuka ali bwana.

"Pita, shamwali," anatero Lorenso atamugwira mkono. "Ukakatopa nazo nyumba zosanja, udzabwere. Tsiku limenelo nyundo yanga ndidzaiika pamapazi pako, ngakhale ndidzakhale ndekha."

Awa sanali mawu ocheza. Pa shedi yawo yokhoma ngolo sankavota ndi pepala. Mwini galaja atatseka n'kuthawira ku Blantyre, amisiri ake anagulitsa mbuzi ndi njinga n'kugula zidazo, n'kupangana kuti bwana asadzapondenso pamenepo: wogwira ntchito ndiye mwini, ndipo wosiya ntchito wasiyanso umwini. Malo akapezeka, ofuna kulowa ankaima pakati pa shedi, mwini aliyense n'kutenga chida chake kukachiika pamapazi pa amene wamusankha. Mwambowu anauyambitsa ndi Sebastiano yemweyo, amene masiku amenewo ankawerenga mabuku ambiri kuposa mmene ankadyera.

Anabwerako imvi zili mbuu, ali ndi chikwama chimodzi ndi chifuwa chosatha. Ngabu imene ankaiuza anzake ku Joni sanaipeze. Mtengo wa bwemba umene ankadyera pansi pake anali ataudula, n'kumangapo kaokala kotchajira mafoni. Anyamata a njinga zamoto ankamuitana kuti "madala" n'kumamutchulira mtengo wa alendo. Dimba la makolo ake m'mbali mwa Shire, theka linapita ndi madzi osefukira, theka linalo abale anagawana poganiza kuti mwini wake anafera kunja. Ankagona m'khitchini ya mlongo wake, alamu ake n'kumamufunsa mwaulemu m'mawa uliwonse kuti akuganiza zotani.

Shedi yokha ndiyo inali itakula. Ngolo ankakhomabe, koma tsopano ankawotchereranso zitseko ndi mawindo. Lorenso atamuona analira, n'kumuphera bakha.

"Wabwera nthawi yake," anatero ali pa chakudya. "Tomasi tinamuika m'manda mwezi watha. Malo ake alipo."

"Ndiye basi."

"Koma pali wina woyembekezera. Imelda, mayi wamasiye wa ku Makhuwira. Wakhala akuwotcherera pano ngati waganyu kuyambira mwana wake ali kumsana. Lero mwanayo ali ku sukulu."

"Ayembekezerenso pang'ono. Maenje a mizati iyi ndinakumba ndine."

Lorenso anangopitiriza kutafuna fupa.

Tsiku losankha kunabwera alendo. Anali asodzi ndi amayi owamba nsomba ochokera kwa Mbenje, otopa ndi mwini mabwato amene ankatenga theka la nsomba asanapondeko n'komwe m'madzi. Anamva kuti pa Ngabu pali ntchito yopanda bwana, ndipo anafuna kudzionera okha. Anakhala pa matayala akale, akudzikupiza ndi makatoni, malata akulira ndi dzuwa la Okutobala.

Lorenso kulankhula pagulu kunali kosamuyanja. Anayamba, nakakamira, natembenukira kwa mnzake.

"Awa ndiwo anayambitsa. Afotokoze ndi iwo."

Sebastiano anaimirira, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni anamva kuti wafika kwawo. Anawauza za mbuzi zija. Anawauza kuti ngakhale ku Ulaya kuli mafakitale aakulu omwe eni ake ndi antchito omwewo. Anati munthu wokhoma ngolo yake yomwe sabisa msomali wopindika pansi pa penti, ndipo kuti iye wagwirira mabwana a mitundu yonse, koma palibe mmodzi amene anamufunsapo maganizo. Achinyamata a pa shedi, amene ankamuyesa nkhalamba yodandaula chabe, anasiya kunong'onezana.

Mtsogoleri wa alendowo, mayi wonenepa dzina lake Agnesi, anakweza dzanja. Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chisena.

"Pyadidi, baba, mwalankhula bwino. Koma kwathu kuno m'bale ndi m'bale. Mwana wa mlongo wanga akatulukira kuchokera ku Beira, n'kuti azakhali ndiikeniko, ine ndimukane bwanji?"

"Mumukane basi!" anatero Sebastiano. "Mumupatse nsomba adye, mumupatse mphasa agone, koma bwato ayi. Bwato ndi la amene wakhala akupalasa."

"Iii, inu mukufuna andilodze?"

Anthu anaseka. Sebastiano, kuseka kwa anthu kunkamuledzeretsa kuyambira kale.

"Akulodzeni, tidzakuikani m'manda mwaulemu! Ndikukuuzani, mayi, ntchito yotere siphedwa ndi akuba. Imaphedwa ndi manyazi. Mukangolowetsa mmodzi chifukwa munakula naye, amene wakhala akutuluka thukuta aona, ndipo mawa sabwera. Mukatero mwabweza bwana pakhomo, koma dzina lake ndi chibale."

Alendo anaomba m'manja. "Takhuta, baba," anathokoza Agnesi m'Chisena. Koma eni shedi sanaombe, ndipo Sebastiano anatsatira maso awo. Onse anali pa Imelda, yemwe anaima pafupi ndi makina owotcherera, magalasi akuda ali pamphumi, mikono yake ili ndi timabala ta moto mpaka m'zigongono. Sanali kuyang'ana munthu. Ankangopukuta manja ndi kansanza, manja oyera kale.

Sebastiano anafuna kuwonjezera kuti woyambitsa ndi nkhani ina. M'malo mwake anangokhala pansi.

Kenako iye ndi Imelda anaima pakati. Akuluakulu amene ankamukumbukira anabwera ndi masowo ndi masipanala awo akale n'kuwaika pamapazi pa Sebastiano, ena akumugwira phewa. Achinyamata anapita kwa Imelda, mmodzi akupepesa kuti, "Musadandaule madala, mwatiphunzitsa nokha." Alendo anatalikitsa makosi. Zida zitatha, milu iwiriyo inali yofanana, ndipo amene anatsala anali Lorenso yekha.

Anatenga nyundo yake, ya mpini wakuda ndi thukuta la zaka zonsezo, n'kuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo. Sebastiano anadziwa kuti mawu amodzi okha akanamumasula mnzakeyo: kungoti zisiye, shamwali, zinali za unyamata. Anaganiza za khitchini ya mlongo wake ndi funso la alamu ake la m'mawa.

"Pa siteji paja, Lorenso," ananong'ona.

"Ndikukumbukira, shamwali."

Lorenso anaima pakati pa milu iwiriyo. Kenako anawerama, n'kuika nyundo yake pamapazi pa Imelda.