Musamudzutse Mwinitulo

Chibayo chitagwira mapapo onse awiri, mwana wamkazi wa a Mekaniki anamulowetsa m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Mpweya wa m'mphuno sunakwanire. Madokotala anamuika paipi kukamwa mpaka kukhosi, n'kuilumikiza ku makina oti azimupumira. Kuyambira pamenepo sanatsegulenso maso.

A Mekaniki anali okonza njinga, munthu wosachulutsa mawu. Mkazi wawo anamwalira kalekale, ndipo mwanayu anamulera okha. Ali wamng'ono ankakonda tulo, moti anamupatsa dzina loti Mwinitulo. Nthawi ya sukulu ikakwana sankamukalipira. Ankangoima kumiyendo kwa bedi n'kumukoka chala chachikulu chakuphazi, mwana n'kudzuka akung'ung'udza. Dzinalo linamukanirira mpaka anakwatiwa, mpaka anabereka wake mwana.

M'chipindamo ankalola kulowa masana okha, munthu mmodzimmodzi, atasamba m'manja. A Mekaniki ankadikira pabenchi ya m'khonde pamodzi ndi mkamwini wawo.

"Akuti ndi mankhwala, bambo," anatero mkamwiniyo. "Akumugoneka dala kuti apumule."

"Nthawi ya mayi ake anatiuzanso kuti akupumula," anayankha a Mekaniki.

Mkamwini anamvetsa. Nkhaniyo ankaidziwa. Apongozi ake aakazi anadwala nthenda yosachizika, anawabaya jakisoni wochepetsa ululu, anagona, osadzukanso. Kuchokera nthawi imeneyo a Mekaniki sankakhulupirira tulo ta m'chipatala.

Nthawi yawo itakwana analowa. Mwinitulo anali gone, tepi itagwira paipi pamasaya, milomo itauma. Chifuwa chinkakwera ndi kutsika motsatira makina. M'mbali mwa bedi munali timabotolo tolumikizidwa ku timakina tokankha mankhwala pang'onopang'ono kupita m'mitsempha. A Mekaniki anatiyang'ana ngati mdani. Namwino atatembenukira kwa wodwala wina, iwo anapisa dzanja pansi pa nsalu, n'kukoka chala chija. Mwanayo sanamve. Anakokanso mwamphamvu, n'kutsina pachikhadabo.

Nkhope ya mwanayo inachita tsinya. Manja anafumbata, chifuwa chinadzuka, anayamba kutsokomola paipi ili kukhosi. Makina analira. Namwino anathamangira pabedipo, anawonjezera mankhwala, n'kupempha a Mekaniki kuti ayambe atuluka.

Anatuluka mtima uli m'malo. Mwana wawo anali akadalipo.

Mawa lake anachitanso chimodzimodzi, ndi mkuja womwe. Kenako dokotala anaitana mkamwini n'kumuuza kuti mapapo sakupola monga ankayembekezera, kuti wodwalayo akumalimbana ndi makina, ndipo zikapitirira papo likhoza kubooka. A Mekaniki anamva zonsezo ali chiimire pakhomo. Mumtima anati ndi mankhwala aja.

Masana amenewo, asanafike n'kubedi komwe, namwino wamkulu anawaima kutsogolo. Anali mayi wa imvi zapatalipatali, wovala magalasi.

"Bambo, makinawa akukudziwani," anatero. "Mukangolowa amayamba kuimba. Kodi munawakonzapo?"

"Ndimakonza njinga."

"Ndiye tiyeni tikhale pansi, mundithandize nzeru."

Anakakhala pabenchi ija. Namwino sanakweze mawu.

"Dzulo ndinaona dzanja lanu pansi pa nsalu. Sindikukudzudzulani. Ndingofuna kudziwa chifukwa."

A Mekaniki anayang'ana zikhatho zawo zakuda ndi girisi wosachoka.

"Akagona kwambiri apitirira."

"Munaonapo zotero?"

"Mayi ake."

"Pepani kwambiri," anatero namwino. "Za mayi sindingazidziwe, sindinalipo. Nthawi zambiri munthu amene nthenda yamufikitsa kumapeto amapatsidwa mankhwala kuti asamve ululu, ndipo chomutenga ndi nthendayo. Koma za mwana wanuyu ndikuzidziwa, ndi zina. Tandiuzani, chubu chakale, chodzadza zigamba, mumachipopa bwanji?"

"Pang'onopang'ono."

"Nanga wina akamachifinya inu muli mkati mopopa?"

"Chiphulika."

"Mapapo ake ali choncho panopa. Ndi otupa, ndi anthete ngati chilonda. Makina aja akumusunga ndi moyo, koma si mankhwala ochiza. Amakankha mpweya, ndipo akakankha mopitirira amatha kuvulaza mapapo omwewo. N'chifukwa chake timawatchera kuti azipereka mpweya wochepa bwino, wa muyeso wa thupi lake. Tsono akadzidzimuka, makina akukankhira mkati, iye akukankhira kunja. Ndiye kufinya chubu kuja."

A Mekaniki analoza kuchipinda kuja.

"Nanga timabotolo tija?"

"Kena ndi ka mankhwala oletsa ululu, chifukwa paipi ija imapweteka. Kena ndi kogonetsa, kuti asalimbane ndi makina. Adokotala akumupatsanso ochepetsa kutupa m'mapapo, kuwonjezera pa opha tizilombo ta chibayo. Ena amene akulimbana kwambiri timawapatsa ofooketsa minofu kwa kanthawi. Si aliyense amalandira onsewa. Adokotala amayamba aona munthu wake."

"Simungaiwale kumudzutsa?"

"Ifenso tulo tambiri sititifuna, timafooketsa thupi. M'mawa uliwonse timaona ngati tingachepetse mankhwala, ndipo timachepetsa ife tili pomwepo, maso pa makina. Kudzutsa kulipo, bambo, koma kuli ndi nthawi yake."

"Achira?"

"Sindingakulonjezeni. Matendawa ndi aakulu. Koma mpata ulipo, ndipo ukula mapapo akapatsidwa mtendere."

A Mekaniki anati:

"Ndamupweteka."

"Simunadziwe, ndipo ifenso tinayenera kukufotokozerani tsiku loyamba lomwe. Tsopano mwadziwa. Mukalowa, mugwireni dzanja mofatsa, muzimuyankhula motsitsa. Ambiri amamva mawu a abale awo. Chimene simukuchimvetsa, ndifunseni, ngakhale kakhumi."

Analowa. Kumiyendo kwa bedi sanapiteko. Anakoka mpando, anakhala chakumutu, n'kuika dzanja la mwanayo m'dzanja lawo. Kenako anati:

"Njinga ya aphunzitsi ija yabweranso. Tcheni chomwe chija."

Makina anapitiriza kupuma mwakachetechete. Tsiku limenelo sanalire.

Kumapeto kwa mlunguwo kunabwera mlongo wawo wa a Mekaniki, mayi wa mawu okweza, atamva kuti mwana sakudzuka.

"Achimwene, inu mwangokhala? Mwana amugoneka ngati chipika inu n'kumangoonerera? Ndilowe ndikamugwedeze ine, aona kuti azakhali ake afika."

"Musamudzutse."

"Mwati bwanji?"

"Chubu n'chanthete. Akufuna chipole."

"Chubu chanjinso? Kodi njinga zija zakulowani m'mutu?"

Mkamwini ndiye anafotokoza zonse bwinobwino. Azakhali analowa monyang'ama, anapemphera chamumtima, n'kutuluka akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Masiku anapita. Tsiku lina a Mekaniki anapeza mwana atamugoneka chafufumimba. Ulendo uno anafunsa, ndipo anawauza kuti kugona kotero kumathandiza mpweya kufika mbali zina za mapapo. Anagwedeza mutu, nakhala pampando wawo. Anamuuza za mvula imene inadontha pa denga la shedi yawo yokonzeramo njinga, za mwana wake amene wayamba kukana kusamba. Pang'onopang'ono timabotolo tinayamba kuchepa.

M'mawa wina mkamwini anabwera kushedi kudzawatenga, akuti akuwafuna kuchipatala nthawi ya alendo isanakwane. Atalowa anapeza dokotala ndi namwino wamkulu uja ataima pabedi.

"Mapapo apola mokwanira," anatero namwino. "Mankhwala ogonetsa tatseka, ndipo akupuma yekha mbali yaikulu. Koma tamuitana, akungogwedeza zikope. Akuti dzina lake ndi Mwinitulo eti? Lero ntchito ndi yanu. Mofatsa."

A Mekaniki anapita kumiyendo kwa bedi. Kenako anagwira chala chija n'kuchikoka pang'ono, monga ankachitira m'mawa wa sukulu.

Maso anatseguka. Anayendayenda kudenga, anatsika, n'kuima pa iwo. Nkhope inachita tsinya lomwe lija la kale.

Paipi anaichotsa madzulo a tsiku lomwelo. Mawu anatenga nthawi kuti abwerere, ndipo atabwera anali osasa, ongonong'ona. Mwinitulo anakodola bambo ake kuti aweramire pafupi.

"Ababa, tcheni cha aphunzitsi chija munakonza?"

A Mekaniki anatembenukira kuzenera. Anakhala choncho mpaka m'maso mutauma.

"Ndinakonza," anatero.

M'bale wanu akakhala pa makina othandiza kupuma, dziwani kuti makinawo amapulumutsa moyo, koma mapapo odwala amafunika kutetezedwa kuti asavulale nawo. Mankhwala oletsa ululu, ogonetsa ndi ochepetsa kutupa amaperekedwa pa chifukwa chimenecho, mwa muyeso, achipatala akuyang'anira. Musamugwedeze wodwala, musamutsine, musakhudze mapaipi, ndipo musamupatse chilichonse pakamwa. Mugwireni dzanja, muyankhuleni mofatsa. Ngati muli ndi mantha, auzeni anamwino kapena adokotala. Kufunsa ndi ufulu wanu, ndipo kungapulumutse amene mumamukonda.