Alifalifa wa Alfred

Alfred anafesa msipu wotchedwa alifalifa pakamunda kawo ka lendi ku Rotherham, ku Mangalande, mu Julaye 2022. Dothi lake linali lamakande, lotopa ndi mbatatesi, ndipo iye anati mbewuyo ndi manyowa: akakula adzamukwirira yense asanachite maluwa. Anamwalira mu Febuluwale. Mtembo unapita ku Karonga pa ndege, koma mkazi wake Asimenye anatsala. Munthu amene anathawa kwawo n'kupempha malo kuno sabwerera, ngakhale kumaliro.

Pofika mu Meyi alifalifa anali atafika m'mawondo. Harvey, mkulu wa komiti ya mindayo, anauza Asimenye mwaulemu kuti munda wosalimidwa amaupereka kwa wina, ndipo odikira anali ambiri. Anam'patsa mpaka kutha kwa mweziwo.

Loweruka kunabwera Percy, mng'ono wake wa malemuyo, pa sitima yochokera ku Leeds kumene ankagwira ntchito ya unamwino. Anapeza Asimenye ali ndi keni m'manja.

"Mlamu, mukuthirira ku Mangalande kuno? Mvula yagwa dzulo lomweli."

"Ndikuthirira za akulu anu."

"Akuluwo sanafese maluwa apakhonde. Ichi ndi chakudya cha nthaka. Mukachedwa chikhwima, ndipo mizu yake yazama kale kuposa mkono wangawu. Fosholo idzakana."

"Ndiye ndiphe ndekha chimene anandisiyira chamoyo?"

"Mukachisiya atenga ena, mlamu. Adzathira mankhwala, n'kumangapo kashedi." Percy anavula jekete n'kuikoleka pampanda. "Ndipatseni fosholo. Inu khalani apo mupume."

"Inu munaponya kale dothi ku Karonga," anatero Asimenye. "Ine ndinaonera pa foni, netiweki ikudukaduka."



Asimenye anaika keni pansi. Anatenga chikwakwa n'kumweta kuyambira kumpanda, tsinde ndi tsinde, fungo la msipu likumulowa m'mphuno. Atatha anatulutsa fosholo ya mwamuna wake. Asimenye anakulira khasu, ndipo poyamba phazi linaterereka pachitsulo. Anapondanso. Dothi linatseguka, lakuda, lolemera, mizu ikuduka ndi kaphokoso. Anagoneka masamba m'ngalandemo, nawakwirira.

Percy anavula chipewa. Anaima kumapeto kwa mzere manja ali kumbuyo, osakhudza chida chilichonse, mpaka dzuwa linapendeka. Kawiri Asimenye anagwada n'kulira mokweza monga amalirira kwawo, ndipo azungu a minda yoyandikana anazimitsa wailesi zawo.

Madzulo Harvey anadutsa ndi wilibala. Anayang'ana nthaka yotembenuzidwayo, theka la munda, kenako matuza a m'manja mwa mayiyo.

"Mudzabzala chiyani?" anafunsa m'Chingerezi.

"Maungu," anatero Asimenye. "Masambawa akawola, pakati pa Juni. Theka linalo ndimaliza Lolemba."