Mmene Mawaya Anapezera Kampani Yoona ya Mafoni

Vuto la pamsika wina wakumudzi linali netiweki. Munthu akafuna kuyimba foni ankayenda mpaka kuseri kwa chigayo, n'kukweza dzanja m'mwamba ngati mwana wasukulu amene wadziwa yankho. Mawu ankadukaduka. Uthenga wotumizidwa m'mawa unkafika masana.

Amene ankavutika kwambiri anali bambo wina wokonza mafoni. Aliyense ankangomutchula kuti Mawaya, chifukwa m'thumba la malaya ake simunkasowa kachidutswa ka waya. Kashopu kake kanali pakati pa wometa ndi wogulitsa zitsulo za njinga. Ntchito ankaidziwa, koma anthu ankabwerera ndi mafoni awo akudandaula.

"Mwakonzapo chiyani apa, a Mawaya? Sikugwirabe!"

"Foniyo ili bwinobwino. Chikudwala ndi netiweki," iye ankayankha choncho, koma ochepa okha ndiwo ankamukhulupirira.

Mkazi wake, amene anthu ankamutchula kuti mayi a mapasa, anali telala. Mwezi wina anataya ntchito yaikulu yosoka yunifolomu. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina anamuyimbira masiku atatu osamupeza, kenako ntchitoyo anaipereka kwa telala wa m'tauni. Mayi a mapasa atamva, anavundikira makina awo ndi nsalu.

Lolemba lina, mchimwene wa mayi a mapasa anafika pakhomo ndi mlendo. Anali munthu wa jekete yakuda ndi nsapato zonyezimira, kafungo ka mafuta onunkhira kakumutsogolera.

"Alamu, mwayi sugogoda kawiri," mchimweneyo anauza Mawaya. "Bwanawa ndakumana nawo m'basi. Akufuna munthu ngati inuyo."

Wajeketeyo anapereka kakhadi kokongola. Anati kampani yake ndi yakunja, ndipo ikufunafuna anthu ogwira nawo ntchito m'mayiko amene akutukuka kumene. Anali ataona kale malo okwera amene banjali linali nawo kuseri kwa nyumba.

"Pamenepo tidzamangapo nsanja ya mafoni. Inu mudzakhala woimira kampani m'dera lonse lino. Chofunika n'chimodzi chokha: mundipatse chikalata chenicheni cha malowo, ndikachionetse kulikulu. Ndibwera Lachisanu. Koma musauze anthu ambiri, mukudziwa nsanje ya anthu."

Alendo atapita, Mawaya ankangomwetulira yekha. Mkazi wake ayi.

"Bambo a mapasa, malo aja tinawavutikira zaka zisanu ndi zitatu. Chikalata chake chipite ndi munthu wokumana naye m'basi?"

"Inunso mayi, mukufuna tikalambe tikukweza manja kuseri kwa chigayo? Munthuyu mwamuona nokha mmene wavalira."

"Jekete ndimasoka ndine. Siuza munthu zimene zili mumtima."

M'mawa mwake mayi a mapasa anatenga diresi limene anafupikitsa, n'kupita nalo kwa mwini wake, neba wawo Mayi Halo. Mayi ameneyu kale ankalumikiza mafoni a m'nyumba kupositi, kenako anagwira ntchito ku bungwe la boma loyang'anira makampani a mafoni mpaka atapuma. Dzinalo linabwera chifukwa ngakhale munthu agogode pachitseko, iwo ankayankha kuti, "Halo, ndani?"

Atamva nkhaniyo, Mayi Halo anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa kakhadi kaja. Anangovala nsapato n'kunena kuti, "Tiyeni kushopu."

Anamupeza Mawaya ataweramira foni yotsegula.

"Mwanawe, maganizo ako ndi abwino. Dera lino likufunikadi kampani ya mafoni, ndipo makampani nawonso amafuna anthu odalirika," anatero Mayi Halo. "Koma tandiuza, kampaniyi ili ndi chiphaso chogwirira ntchito m'dziko muno?"

"Sindinafunse, amayi."

"Ofesi yawo ili mumsewu uti?"

Mawaya anatembenuza kakhadi. Panali dzina ndi nambala ya foni basi.

"Safunsa anadya phula. Kampani iliyonse ya mafoni kapena ya intaneti, kaya ndi yakunja kaya ya konkuno, imayenera kukhala ndi chiphaso. Mndandanda wa makampani ovomerezeka uli ku ofesi imene ndinkagwirako, ndipo kuuona n'kwaulere. Chinanso, kampani yoona imabwereka malo polemberana mgwirizano. Ikafuna umboni, imaona chikalata pamaso pako n'kutenga fotokope. Chenichenicho sichichoka m'manja mwako."

"Koma anati tikachedwa apita kwina," Mawaya anadandaula.

"Munthu amene akukuthamangitsa, n'kukuletsanso kufunsa anzako, akuopa chinachake. Mawa ndi Lachitatu. Pitani nonse awiri."

Anakwera minibasi ya m'mawa. Ofesiyo inali pansanjika yachiwiri, ndipo anadikira pabenchi pafupifupi ola lathunthu. Kalaliki wake, mayi wa mawu ofatsa, anafufuza dzina la kampaniyo pakompyuta kawiri konse.

"Palibe kampani yotere pamndandanda wathu. Ndipo si inu oyamba kubwera ndi kakhadi aka," anatero kalalikiyo. "Banja lina linapereka chikalata chawo, ndipo linadzazindikira malo atagulitsidwa kwa munthu wina. Nkhani yawo ikadali kukhoti."

Mawaya anayang'ana mkazi wake, akudikira mawu akuti "ndinkanena ine." Koma mayi a mapasa anangofunsa kalalikiyo kuti, "Nanga ife ofuna netiweki kwathu tichite chiyani?"

Kalalikiyo anawasindikizira mndandanda wa makampani onse okhala ndi chiphaso, aakulu ndi aang'ono, pamodzi ndi maadiresi ndi manambala awo.

"Muziyimba manambala awa, osati amene munthu wakupatsani pamsewu. Musaiwale makampani aang'ono. Ambiri amafuna kufika kumadera ngati kwanuko, koma sadziwa woyamba naye. Kalembetseni bizinesi yanu, chifukwa kampani imakonda kugwirizana ndi bizinesi yodziwika kuboma. Mukafikenso ku bungwe la amalonda, kumusi kwa msewu womwewu. Amakonza masiku okumanitsa makampani ndi eni mabizinesi aang'ono."

Asanachoke, analembetsanso dandaulo lokhudza wajekete uja.

Lachisanu munthuyo anafikadi kushopu, mlamu uja ali pambuyo pake. Mawaya anamulandira mwaulemu n'kumupatsa mpando.

"Bwana, chikalata chilipo. Koma mundiuze kaye nambala ya chiphaso cha kampani yanu. Kapena tiyeni tipitire limodzi ku bungwe loyang'anira makampani a mafoni, tikakambirane konko."

Wajeketeyo anatsokomola. Kenako anasolola foni yake n'kuyiika kukhutu. "Halo, bwana mkubwa? Inde, inde, ndikubwera pompano!" Anatuluka akulankhula mokweza, ndipo sanatembenukenso.

Wometa, yemwe ankamvetsera ali pakhomo pake, anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Zaka zonsezi m'shopu muno simunalowepo foni, lero yalowa ya bwana yokha!"

Mlamu uja anagwetsa nkhope. "Alamu, ndikanakugwetserani m'dzenje."

"Tonse tinatengeka. Chofunika tsopano mutithandize kuyenda ndi kalata yopita kumakampani," anatero Mawaya.

Ntchito yeniyeni inayamba pamenepo, ndipo inali yochedwa. Mawaya analembetsa bizinesi yake. Mayi Halo anawathandiza kulemba kalata ya tsamba limodzi yofotokoza dera lawo: mashopu makumi anayi, sukulu ziwiri, chipatala chaching'ono, chigayo, ndi msika umene umadzaza kawiri pa sabata. Anafotokozanso kuti Mawaya wakhala akukonza mafoni zaka khumi. Mlamu uja anayenda shopu ndi shopu, ndipo amalonda onse anasaina kuti akufuna netiweki. Namwino wa pachipatala anawonjezera mzere wake, kuti amavutika kuitanitsa ambulansi mayi woyembekezera akavutika.

Kalatayo anaitumiza kumakampani asanu a pamndandanda uja. Atatu sanayankhe n'komwe. Ina inayankha kuti deralo silili m'mapulani a chaka chino. Miyezi iwiri inadutsa, ndipo anthu pamsika anayamba kumufunsa Mawaya monyogodola kuti, "Nsanja ija yafika pati?"

Tsiku la bungwe la amalonda litakwana, Mawaya sanafune kupita. Mkazi wake anamusitira malaya n'kuwayika pampando.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo. Nyamukani."

Kumeneko, m'holo yodzaza matebulo, anapeza tebulo la kampani yachisanu ija. Inali kampani yaing'ono yofikitsa netiweki ndi intaneti kumadera akutali pogwiritsa ntchito milongoti yaifupi ndi magetsi a dzuwa. Injiniya wake, mayi wachitsikana wovala ovolosi, anaikumbukira kalatayo.

"Ndinu aja a kalata yosainidwa ndi msika wonse? Tinkafuna kukuyimbirani, koma foni yanu simapezeka."

"Nkhani yake ndi yomweyo, mayi," anayankha Mawaya, ndipo onse anaseka.

Patatha milungu itatu injiniyayo anafika ndi anzake awiri. Anayeza malo a banja lija ndi zipangizo zawo, koma anapukusa mutu. Phiri la kummawa linkatchinga. Malo abwino anali pafupi ndi thanki ya madzi ya pamsika, omwe anali a khonsolo.

Mawaya anakhumudwa kwambiri. Anabwerera kushopu n'kuyamba kuwotcherera waya wa foni ya kasitomala. Injiniya uja anamutsatira, n'kuima kanthawi akumuonerera.

"Bambo, malo tikhoza kuwapeza paliponse. Chimene timasowa ndi munthu wa dzanja lotere, wokhala pompano. Tikufuna wosamalira mlongoti, mabatire ndi masola, komanso wolembetsa makasitomala. Tidzakuphunzitsani. Mungavomere?"

Mawaya anatsala pang'ono kuvomera pomwepo, koma anadzigwira. "Ndingakonde. Koma mundipatse kaye mgwirizano wolembedwa, ndikauwerenge."

"Mukanapanda kuufunsa ndikanakukayikirani," anatero injiniyayo.

Banjalo linapita ndi mapepalawo ku ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo. Loya wa kumeneko anapeza ndime imodzi yosamveka bwino: ngati mphezi yawononga zipangizo, wokonzetsa ndani? Anabwerera nayo kukampani, ndipo kampaniyo inalemba momveka kuti udindowo ndi wake. Atatero anasaina, mbali iliyonse n'kusunga kope yake.

Mlongoti unadzutsidwa mvula isanayambe. Mawaya anapita kukaphunzira milungu iwiri, ndipo atabwerako, kashopu kake kanali ndi chikwangwani chatsopano ndi benchi la odikira. Mayi a mapasa anayamba kujambula zovala zimene asoka n'kuzitumiza pafoni, moti maoda anachuluka mpaka anatenga mnzawo wina kuti azithandizana. Sabata yoyamba yomweyo, namwino anaitanitsa ambulansi ali m'chipinda cha odwala, ndipo mayi wina woyembekezera anapulumuka pamodzi ndi mwana wake.

Mbiri inafika kumisika yoyandikana nayo. Tsiku lina amalonda atatu ochokera kutsidya la mtsinje anabwera kudzafunsa kuti nawonso achite bwanji. Mawaya anawakhazika pabenchi n'kuwapatsa fotokope ya mndandanda uja.

"Abale anga, makampani abwino alipo, ndipo akufunafuna anthu ngati ife. Koma muyambire ku ofesi ya boma, muone ngati kampaniyo ili ndi chiphaso. Lembetsani bizinesi yanu, mugwirizane ndi anzanu, ndipo mulembere makampani angapo, osati imodzi. Musapereke chikalata chenicheni cha malo kwa munthu aliyense, ndipo musasaine pepala limene simunalimvetse. Mnzako woona pa bizinesi sakwiya ukamufunsa mafunso."