Mwala wa M'chikhodzodzo cha a Pulambala

Bambo ake a Namanyazi, pulambala wa zaka makumi awiri pantchito, anawapeza ndi mwala m'chikhodzodzo, waukulu ngati dzira la nkhunda. Atangomva dokotala akutchula opaleshoni, anatola chipewa n'kutuluka, zotsalazo osazimva.

"Ine mpeni ayi," ankatero, uku akupindika ndi ululu. "Ndidzafa wathunthu."

Pepala limene namwino anawathamangira nalo linapezeka Loweruka, amayi akupisa m'matumba a ovolosi kuti achape. Analipereka kwa Namanyazi, poti ndiye anali atangomaliza sukulu. Analiwerenga kawiri, makutu akutentha. Njira zinali ziwiri. Yoyamba inali yong'amba pansi pa mchombo n'kuchotsa mwalawo wathunthu. Yachiwiri inalibe mpeni, inali yolowetsa kachubu, koma pamene kachubuko kamalowera si malo oti mwana wamkazi angawatchule pamaso pa bambo ake.

"Amayi, kawauzeni ndinu."

"Ine? Anayamba andimverapo? Akangondiona ndi pepala amati ndikuwakumbira manda. Pita, uli ndi sukulu."

Mwamwayi anawapeza atagona chagada pansi pa sinki ya kukhitchini, miyendo yokha ili kunja. Kulankhula ndi mapazi n'kosavuta. Anakhala pa chidebe chovundikira.

"Ababa, paipi ikatsekeka mkati mwa khoma, mumagumula khomalo?"

"Wogumula khoma ndi pulambala wadzulodzulo. Umalowetsa waya kukamwa kwa paipi, kuswa chatsekacho, n'kutsukuluza ndi madzi. Patse sipanala."

Anawapatsa.

"Nawonso adokotala amatero. Ali ndi kachubu kakang'ono ka kamera, kamakaphwanya mwala mkati momwemo. Amakugonetsani tulo, mawa lake mwatuluka."

Sipanala inasiya kulira. Zala za kumapazi zija zinapindika pang'onopang'ono.

"Kamalowera pati?"

Namanyazi anayang'ana bokosi la zida ngati ndi limene lamufunsa. "Potulukira madzi."

Gu! Mutu unagunda sinki. Amayi, amene anali atabisala kuseri kwa chitseko, anaphulika nako kuseka mpaka kukhala pansi. Bambo anatuluka akusisita chipumi, maso ali kudenga, mwana naye maso ali pansi.

"Ndiye kuti khoma langa siligumulidwa?"

"Mwala ukakhala waukulu kwambiri amang'amba ndithu. Koma apa alemba ndi cholembera kuti wanuwu ukhoza kusweka. Akuti mukasankhe nokha."

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Akanakuuzani bwanji muli kale pageti?" anatero amayi, akupukuta misozi. "Liwiro lake ngati mwaba nkhuku!"

Lolemba anapita onse atatu, bambo atavala malaya opitira ku ukwati. Namanyazi anakana kulowa, anatsala pabenchi atafumbata chipewa chawo. Kudzera pachitseko ankamva mawu awo akufunsa kukula kwa kachubuko, ngati amakatsuka bwino, ndiponso ngati akamaliza amayesa kaye kuti madzi akuyenda asanalongedze zida. Kenako kunamveka dokotala, mayi wa mawu aakulu, akuseka.

Chitseko chinatseguka. Bambo anatuluka akukupiza kapepala m'mwamba.

"Lachinayi! Ndasankha ya waya, ndasayina."

"Simukuopa, ababa?"

"Ndikuopa, mwana wanga, ndinamirenji. Koma ndi mmisiri ameneyu, ndamuyesa. Ndinamupempha kuti ndikhale maso ndiziona pakanema, wakana."

"Wati chiyani?"

"Wati andigonetsa kaye," anatero akumulanda chipewa n'kumuveka iye kumutu, "kuti ndisamamulangize ntchito."